Posankhira makolo malo okalambira ku America, yambirani kuseri

Amalawi amene anapita ku America m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ena kusukulu, ena pothawa ndale za nthawi imeneyo, lero ndi agogo. Ambiri ankalankhula mofanana: ndikangopuma pantchito, ulendo wa kumudzi. Ena anamangadi nyumba ku Area 47 kapena ku Namiwawa, koma m'nyumbazo muli alendi. Eni ake akadali ku Indiana, ku Maryland, ku Texas, poti adzukulu ali komweko, dokotala wa mtima ali komweko, ndipo Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo, siilipira chipatala cha ku Lilongwe. Ndiye funso limene tinkati ndi la azungu latipeza pakhomo: mayi akafooka adzakhala kuti, nanga adzawatembenuza pabedi ndani ana onse ali kuntchito?

Limodzi mwa mayankho a dzikolo ndi midzi ya anthu opuma pantchito imene amaitchula kuti continuing care retirement community, mwachidule CCRC, ngakhale kuti kuyambira 2015 yambiri inayamba kudzitchula life plan community. Ilipo pafupifupi 1,900, ndipo yochuluka ndi ya mipingo ndi mabungwe osafuna phindu, monga Kendal at Longwood imene a Quaker anatsegula ku Pennsylvania mu 1973. Munthu amalowa akadali ndi mphamvu, kawirikawiri atakwanitsa zaka 62, n'kupatsidwa nyumba yokhala yekha, kumaphika akafuna, kumayendetsa galimoto yake. Miyendo ikayamba kukana amasamukira gawo lachiwiri, kumene amamuthandiza kusamba, kuvala ndi kumwa mankhwala. Akadwalika amapita gawo lachitatu, la anamwino usana ndi usiku. Malo ambiri alinso ndi gawo lokhoma la amene ali ndi matenda oiwalaiwala. Zonsezi mumpanda umodzi.

Ine nzeru imeneyi ndimaivomereza, ndipo ndikuwadziwa amene andiyankhe kuti Mmalawi sataya kholo lake. Kumudzi kusamala nkhalamba kumatheka chifukwa manja ndi ambiri. Wina watunga madzi, wina waphika phala, mdzukulu wagona nawo m'nyumba, a mvano abwera Lachinayi kudzapemphera n'kusesa pabwalo. Ku America manja onsewo amasanduka a mwana wamkazi mmodzi amene akugwira mashifiti awiri kuti alipire nyumba. Mayi amatsala okha m'chipinda chapansi ndi TV, kunja kuli chipale, miyezi n'kumapita osaona munthu wa msinkhu wawo. Akagwa m'bafa m'mawa amapezeka madzulo. Kumenekonso ndi kutaya, kungoti kulibe amene akuona. Pamene m'mudzi wa opuma pantchito uja, bambo akachita sitiroko n'kusamutsidwira kwa anamwino, mayi amangodutsa pakapinga n'kukadya nawo chakudya chamasana tsiku lililonse. Banja limene lakhala limodzi zaka 50 silipatukana chifukwa mmodzi wadwala. Chimenecho ndi chinthu chachikulu.

Vuto lili pa kasankhidwe. Mukapita kukaona malo, amakulandirani ndi munthu wa malonda, womwetulira, wodziwa ntchito yake. Akuonetsani dziwe losambiramo, chipinda chodyera cha nsalu zoyera pathebulo, laibulale, agogo athanzi akusewera makhadi. Mumatuluka mutagwa nawo m'chikondi malowo. Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nyumba yokongola ndi dziwe mukhoza kuzipeza kwina pamtengo wotsika kwambiri. Chimene mukulipirira ndalama zambiri chonchi ndi lonjezo lakuti pa masiku oipitsitsa a mayi, atasiya kuyenda, atasiya kukuzindikirani, padzakhala bedi ndi munthu wowasamala. Lonjezo limenelo limakwaniritsidwa m'nyumba ya kuseri ija imene wamalonda amangoiloza ndi chala muli pawindo. Ndiye yambirani kumeneko.

Chodabwitsa n'chakuti ife Amalawi kuseriko timakudziwa kuposa makasitomala ambiri a malo amenewa. Ku South Bend ndi m'mizinda ina kumene tili ambiri, n'kovuta kupeza banja lopanda munthu amene anagwirapo ntchito yosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Tawasintha mathewera makolo a eni dziko, tawagwira dzanja akutsirizika. Koma ikafika nkhani ya makolo athu timachita manyazi, osafunsa ngakhale mlamu amene wagwira shifiti ya usiku zaka zambiri. Mutengeni ameneyo popita kukaona malo. Maso ake aona zimene loya sangaone.

Pemphani kubweranso madzulo kapena Lamlungu masana, mabwana kulibe. Imani m'khonde muyang'ane tinyali timene timayaka pamwamba pa chitseko wodwala akaliza belu, muone kuti papita nthawi yaitali bwanji munthu asanalowe. Onani zikhadabo za agogo amene akhala panjinga ngati zawengedwa, kapu ya madzi ngati ili poti dzanja lingafike, mbale ngati zikubwerera kukhitchini zosakhudzidwa chifukwa panalibe wowadyetsa. Fungo la mkodzo m'mawa anthu akusinthidwa si nkhani. Fungo limene lakhazikika m'makatani ndi m'mipando ndiye nkhani. Wodwala wosatha kudzitembenuza amayenera kutembenuzidwa maola awiri alionse, apo ayi zilonda zimabuka m'matako ndi m'zidendene, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti wothandiza mmodzi akasiyiridwa khonde lonse usiku, maola awiriwo amangolembedwa papepala. Funsani wothandizayo, osati bwana wake, kuti wakhalapo zaka zingati pamalopo. Ngati aliyense amene mwakumana naye ndi wobwerekedwa kwa kampani ina kwa sabata imodzi, mayi azidzasambitsidwa ndi mlendo tsiku lililonse.

Boma lili ndi tsamba la pa intaneti lotchedwa Care Compare, pamene nyumba iliyonse ya anamwino yolandira ndalama za Medicare kapena Medicaid, thandizo la boma la zachipatala kwa anthu osauka, imapatsidwa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu. Nyenyezizo musazidalire kwambiri, poti zina mwa ziwerengero zake amapereka ndi eni malo. Tsegulani malipoti a oyendera, muonenso kuchuluka kwa antchito Loweruka ndi Lamlungu komanso kwa amene amasiya ntchito pachaka. Gawo lachiwiri lija silipezeka patsambali chifukwa limayang'aniridwa ndi boma la chigawo (state, monga Indiana kapena Texas), choncho malipoti ake mukawafunse kumeneko. Chigawo chilichonse chilinso ndi ofesi ya ombudsman yomva madandaulo a okhala m'malo osamalira okalamba, ndipo kuimbira foni n'kwaulere.

Tsopano ndalama. Yolowera imayambira cha pa madola 100,000 mpaka kupitirira miliyoni imodzi, malingana ndi dera ndi kukula kwa nyumba, ndipo ambiri amaipeza pogulitsa nyumba imene analipira moyo wawo wonse. Pamwamba pake pali ya pamwezi, madola masauzande angapo, imene imakwera pafupifupi chaka chilichonse. Chimene anthu ambiri amachimva mochedwa n'chakuti m'malo ochuluka ndalama zonsezi simugulira nyumba. Palibe chikalata chaumwini, ana sadzailandira ngati chuma chamasiye. Mwagula ufulu wokhalamo ndi lonjezo la chisamaliro, basi.

Lonjezolo nalo lili mitundu itatu. Pa mgwirizano wa Type A mumalipira zambiri polowa, koma mayi akasamukira kwa anamwino ndalama ya pamwezi imakhala pafupifupi yomweyo. Pa Type B amakupatsani masiku owerengeka aulere kapena kukuchotserani pang'ono, kenako mtengo wonse. Pa Type C polowa m'potsikirapo, koma tsiku limene mayi adzafune anamwino mudzalipira mtengo wa pamsika, ndipo chipinda cha munthu mmodzi m'nyumba ya anamwino ku America chimadya madola opitirira 100,000 pachaka. Amene ali kale ndi inshuwalansi ya chisamaliro cha nthawi yaitali Type C ikhoza kumukwanira. Kwa ena onse, makamaka ngati kumtundu kwanu anthu amafika zaka 90 kapena matenda oiwalaiwala anaonekapo, ine ndingasankhe Type A. Koma Type A ndi inshuwalansi, ndipo inshuwalansi imakhala ndi phindu pokhapokha amene analonjezayo adzakhalepo tsiku lolipira.

Apa m'pamene pagona nkhani. Mu 2009 kampani ya Erickson Retirement Communities, imodzi mwa zikuluzikulu m'dzikolo, inakagwada kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole. Msika wa nyumba unali utagwa, okalamba sankatha kugulitsa nyumba zawo kuti alowe, pamene kampaniyo inali itabwereka zambiri zomangira midzi yatsopano. Pamenepo zinatha bwino, anapezeka ogula ndipo okhalamo sanathamangitsidwe. Ku Port Washington, m'chigawo cha New York, sizinathe choncho. Malo otchedwa The Harborside anagwa katatu, mu 2014, mu 2021 ndi mu 2023. Pogulitsidwa mu 2025, amene anali m'magawo a odwala anauzidwa kuti akapeze malo kwina, anthu amene analipira ndalama zochuluka ndendende kuti asadzasamutsidwe atafooka. Kukhoti lotere oyamba kulipidwa ndi amene anabwereketsa ndalama zomangira, chifukwa ali ndi chikole. Agogo amene anapereka ndalama yolowera amaima kumbuyo kwa mzere, pamodzi ndi ena onse opanda chikole. Ndiye posaina dziwani kuti mayi akubwereketsa chuma chawo chonse kwa bungwe, popanda chikole.

Munthu wobwereketsa ndalama amafunsa mabuku. Pemphani malipoti a zachuma oyesedwa ndi maodita a zaka zingapo zapitazi, chikalata chimene malamulo a zigawo zambiri amawakakamiza kupereka kwa ofuna kulowa, ndi kafukufuku wa akatswiri owerengetsera ngati ndalama zolowa zidzakwanire malonjezo a m'tsogolo. Ngati ndi bungwe losafuna phindu, fomu yake ya msonkho ya Form 990 ili poyera, aliyense akhoza kuiwerenga. Funsani kuti nyumba zingati mwa 100 muli anthu. Zikatsika kwambiri pansi pa 90 kwa nthawi yaitali, funsani chifukwa chake. Funsani kuti ndalama ya pamwezi yakwera bwanji chaka ndi chaka pa zaka zisanu zapitazi, ndipo yankho mukalitsimikize kwa komiti ya okhalamo, amene sabisa mawu. Mapepalawa apite kwa akauntanti, mgwirizano upite kwa loya wa nkhani za okalamba. Kulipira anthu awiriwa n'kochepa poyerekeza ndi zimene mukuika pachiswe. Wamalonda akayamba kuzengereza kupereka mabuku, mwayankhidwa kale.

Musaganize kuti boma linaona kale zonsezi m'malo mwanu. Palibe lamulo la boma lalikulu la dziko lonse loyang'anira chuma cha malo amenewa, zili m'manja mwa chigawo chilichonse. Mu 2010 ofesi yofufuza ya nyumba ya malamulo, GAO, inapeza kuti zigawo 38 zokha ndi zimene zinali ndi malamulo apadera a CCRC, ndipo ngakhale pakati pa zimenezo zina n'zolimba, zina n'zongodutsa.

Nkhani ya kubweza ndalama yolowera imapusitsanso ambiri. Pa migwirizano ina ndalamayo imasungunuka pang'onopang'ono, mwachitsanzo 2 peresenti pamwezi, moti pakatha zaka zinayi kapena kuposerapo pang'ono palibe chobweza. Pa ina amalonjeza kubweza 50 kapena 90 peresenti munthu akamwalira kapena akachoka, koma yolowera imakhala yokwera. Werengani mzere umene ukunena za tsiku lobweza. M'malo ambiri amabweza pokhapokha nyumba ija italowa munthu wina, ndipo zimenezi zikhoza kutenga miyezi, mwinanso zaka. Ife amene timafuna kuti thupi likagone kwa makolo, ndalama imeneyi tisaiwerengere pa ndege ya maliro. Ya gulu la chisoni ija pitirizani kusonkha.

Winanso amati zikavuta Medicare ilipira. Ayi. Medicare imalipira nyumba ya anamwino masiku osapitirira 100, munthu akachokera kugonekedwa m'chipatala masiku atatu ndipo akufunika chithandizo cha akatswiri, ndipo imalipira zonse masiku 20 oyamba okha. Kusambitsa, kudyetsa ndi kusintha thewera kwa zaka, kumene ndiye chisamaliro chenicheni cha ukalamba, siikhudzako. Imene imalipira zimenezo ndi Medicaid, ya anthu amene chuma chawathera, ndipo m'zigawo zambiri amayang'ana m'mbuyo zaka zisanu kuti aone ngati munagawira ana chuma kapena kutumiza kumudzi kuti muoneke osauka. N'chifukwa chake muyenera kufunsa mosapita m'mbali: mayi akakhala moyo wautali ndalama n'kuwathera, mudzawatani? Malo ambiri a mipingo ali ndi thumba lothandizira otere, koma onani ngati zalembedwa ngati lonjezo kapena ngati chifundo chimene angachite akafuna. Funsaninso ngati gawo la anamwino limalandira Medicaid, ndiponso amene ali ndi mawu omaliza pa zosamutsa munthu kuchoka m'nyumba yake kupita gawo la odwala. Kawirikawiri mphamvu imeneyo imakhala ya eni malo ndi dokotala wawo, banja limangofunsidwa maganizo.

Pali china chimene mabuku a malonda sanena, koma kwa ife n'chachikulu. Munthu wa matenda oiwalaiwala nthawi zambiri amataya chilankhulo chimene anaphunzira atakula n'kubwerera ku cha kubere. Bambo amene anaphunzitsa pa yunivesite m'Chingerezi zaka 30 akhoza kuyamba kupempha madzi m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, wothandiza n'kulemba m'buku kuti wodwala wasokonezeka, akulankhula zosamveka. Akakana chakudya amati alibe chilakolako, pamene akungofuna nsima ndi masamba otendera. Choncho mtunda ndi wofunika kuposa kukongola. Malo a nyenyezi zisanu amene ali maola anayi kuchokera kwa ana ndi kumpingo amaposedwa ndi malo abwinobwino amene mungafikeko pochokera kuntchito ndi kontena ya ndiwo. Funsani ngati amalola chakudya chochokera kunyumba, ngati mdzukulu angagone, ngati anthu khumi a kwaya angalowe kudzaimba popanda kuuzidwa kuti akusokosera. Antchito amasamala kwambiri wodwala amene abale ake amangotulukira nthawi iliyonse. Amene tinagwirako tikudziwa, ngakhale sitinena mokweza.

Zonsezi zimafuna nthawi, ndipo apa m'pamene chikhalidwe chathu chimatipweteka. Timadikira mpaka mayi athyoke chiuno, ndiye ana n'kuyamba kukangana pa WhatsApp, wa ku Manchester akuti abwere kuno, wa ku Blantyre akuti atumizeni kumudzi, chipatala chikuti mawa atuluke. Pofika pamenepo khomo la CCRC latsekeka kale, chifukwa polowa amayeza thanzi ndi chuma, ndipo amene wayamba kale kudwala kapena kuiwala samulandira pa mgwirizano wa Type A. Malo abwino amakhalanso ndi mndandanda wa odikira wa zaka. Nkhaniyi iyenera kukambidwa mayi akadali okhoza kukana. Ndalama ndi zawo, moyo ndi wawo. Malo ambiri amalola munthu kugona usiku umodzi kapena uwiri m'chipinda cha alendo. Apiteko okha, akadye ndi okhalamo popanda wamalonda kapena mwana pambali, aone ngati pathebulopo angakhale munthu kapena azingokhala mlendo wakuda amene aliyense amamufunsa kuti amachokera kuti. Akabwerako n'kunena kuti ayi, ndiye kuti ayi.

Ndivomereze kuti malo amenewa si a aliyense. Anapangidwira munthu amene ali ndi nyumba yogulitsa ndi penshoni yokwanira. Ambiri a ife ndalama zinathera kulipira fizi ya abale ndi kumanga kumudzi. Kholo limene mwalitengera ku America litakalamba, pa green card, chilolezo chokhala m'dzikomo mokhazikika, liyenera kukhala zaka zisanu lisanaloledwe kugula Medicare, ndipo m'zigawo zambiri Medicaid nayo imadikiritsa zaka zisanu. Kwa otere njira ndi zina: pulogalamu ya PACE, imene imasamala anthu a zaka 55 kupita m'tsogolo ofunika chisamaliro chachikulu akukhalabe pakhomo, m'madera mmene ilipo, kapena kubwerera kumudzi kumene penshoni yochepa ya madola ikhoza kulipira anthu awiri owasamala. Kubwerera ndi nzeru kwa amene akungofuna manja ndi anthu ocheza nawo. Kwa amene impso zake zimadalira makina katatu pasabata, ndi nkhani ina, poti makinawo kwathu ali m'zipatala zowerengeka. Koma mafunso aja, a usiku, a mabuku, a amene ali ndi mawu omaliza, ndi omwewo kulikonse kumene mungawasiye mayi, ngakhale kwa mwana wa achemwali anu ku Chilomoni amene muzimutumizira ndalama pamwezi.

Ndipo pamene mukukambirana zimenezi, mayi asaine pepala lotchula munthu amene adzawalankhulire pa zachipatala ndi pa zachuma akadzalephera kulankhula okha. Kwathu zimadziwika, mwinimbumba ndi malume, akalankhula nkhani yatha. Ku America adokotala amayamba ayang'ana dzina lolembedwa papepala, likasowa amatsata mndandanda wa lamulo la chigawo, umene umayambira kwa mwamuna kapena mkazi kenako ana, ndipo ana akasemphana nkhani ikhoza kukathera kwa woweruza. Malume a ku Ntcheu akhoza kuimba foni usiku wonse, nesi sadzawauza ngakhale kuti mlongo wawo wadya kapena ayi.